Kulemba ndi kujambula komiki ya munthu wobisa nkhope wolimbana ndi zigawenga

Nkhani ya munthu wovala chigoba amene amatuluka usiku kukathana ndi zigawenga inakulira ku America. Zorro anayamba ngati nkhani yolembedwa mu 1919, The Phantom wa Lee Falk anatuluka m'nyuzipepala mu 1936, ndipo Batman anabwera mu 1939. Zonsezi zimachokera pa maziko amodzi: lamulo lachedwa kapena lagulidwa, munthu mmodzi wanena kuti zakwana. Wolemba wa kuno ali ndi katundu wina amene ayenera kumusenza mosamala. Owerenga ake anaonapo kapena anamvapo za munthu wogwidwa pamsika, kumenyedwa mpaka kuotchedwa asanaonekere kubwalo, ndipo akukumbukira anthu amene anaphedwa mu 2017 ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo powaganizira kuti ndi anamapopa. Choncho nkhani yanu idzaima kapena kugwa pa funso limodzi: munthu wanuyo akagwira chigawenga, amachita nacho chiyani? Malangizo awa ndi a kabuku ka masamba 24, kakuda ndi koyera, koti mungathe kukasindikiza pa makina a fotokope.

Choyamba, malire a munthu wanu

Musanagwire pensulo, tengani pepala limodzi mulembepo za munthuyo: ntchito imene amagwira masana, chimene anataya, amene angavutike nkhope yake itadziwika, ndi chinthu chimodzi chimene sangachite ngakhale zitavuta bwanji. Chomalizachi ndiye msana wa nkhani yonse.

Tiyerekeze kuti ndi makaniko wa njinga zamoto wa zaka 27. Gulu la anyamata limatolera ndalama tsiku ndi tsiku kwa akabaza a pa siteji, ndipo wokana amamulanda njinga. Mng'ono wake wa makanikoyu, wa zaka 16, walowa m'gululo. Apa mwapeza kale chifukwa chobisira nkhope, ndiponso chifukwa chimene sangaphere munthu: aliyense amene wamugwetsa mumdima akhoza kukhala mwana wa mayi ake. Chifukwa chotere n'champhamvu kuposa kungonena kuti ndi munthu wabwino.

Kenako phunzirani mmene mlandu umayendera, chifukwa apa m'pamene olemba ambiri amaterereka. Amajambula ngwazi yawo itamanga chigawenga ndi chingwe n'kuchisiya pakhomo la polisi, nkhani n'kutha. Koma munthu womangidwa ndi chingwe si umboni. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limati womangidwa ndi apolisi aonekere kubwalo la milandu pasanathe maola 48, ndipo ngati palibe wodandaula, palibe mboni, palibe katundu wopezeka naye, munthuyo amatuluka, kaya pa belo kaya mlandu osayamba n'komwe. Mawa lake ali pa siteji pomwe paja, ndipo akudziwa amene anamuneneza. Musachione ichi ngati chopinga. Ndicho chimene chidzayendetse nkhani yanu. Zibakera zimagwetsa munthu usiku umodzi, koma chimene chingagwetse gulu lonse ndi kope limene amalembamo ndalama zotolera, foni ya wamkulu wawo, kapena mayi wogulitsa mandasi amene anaona zonse koma akuopa kulankhula. Ngwazi yanu ifune zimenezi, ndipo zikhale zovuta kuzipeza kuposa kumenya munthu.

Ikaninso malo amodzi m'nkhani pamene munthu wanu walakwitsa. Wamenya wosalakwa, kapena anthu a m'dera atengera chitsanzo chake n'kuyamba kusaka mbava okha ndi mafuta a petulo. Tsamba limene wovala chigoba waima pakati pa khamu ndi mnyamata amene iye yemwe wamugwira, akumuteteza, lidzakhala tsamba lolimba kwambiri m'kabuku konse.

Chachiwiri, gulu la zigawenga

Tsatirani ndalama. Jambulani papepala mizere yosonyeza kumene ndalama imachokera ndi kumene imathera: kwa wakabaza kupita kwa wotolera, kwa wotolera kupita kwa kapitawo wa gulu, kwa kapitawo kupita kwa munthu amene sagwira chikwanje, amene amagula zitsulo za njinga zobedwa ndipo Lamulungu amakhala mpando wakutsogolo. Gulu lopanda njira ya ndalama limaoneka la masewera.

M'masamba 20 a nkhani simungakwanitse nkhope zambiri. Patsani mayina ndi nkhope zodziwika kwa anthu atatu kapena anayi okha a m'gululo, ena onse akhale zithunzithunzi kumbuyo. Aliyense mwa atatuwo akhale ndi chake chomudziwira ngakhale chithunzi chitachepa: wina wamtali wowerama, wina wovala jekete lalikulu kuposa thupi lake, wina wometa mpala. Mmodzi akhale mwana, ndipo muonetse chimene chinamukokera, kaya njala, kaya fizi, kaya kufuna kuopedwa. Kumbukirani kuti mwana akagwidwa, mlandu wake suyenda ngati wa wamkulu. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lili ndi njira yakeyake.

Dera la nkhani likhale lopeka, lokhala ndi dzina lanulanu, ngakhale mutatengera misewu ndi mijigo ya kumene mukukudziwa. Mukatchula dera lenileni n'kuikamo gulu la zigawenga, mwapaka matope anthu okhala kumeneko. Musapatsenso gulu lonse mtundu umodzi, chipembedzo chimodzi kapena kalankhulidwe ka boma limodzi, ndipo musajambule nkhope ya munthu weniweni.

Chachitatu, chigoba

Chovala chake chikhale cha zinthu zimene makaniko angazipeze: ovolosi yakuda, magolovesi a pa kaunjika, chisoti chakale cha njinga yamoto chodulidwa, nsapato zolimba. Zizindikiro zisapose zitatu, chifukwa mudzamujambula koposa ka 60 ndipo kalikonse kamene mwaonjezera mudzakabwereza ka 60.

Sankhani chimene chigoba chidzabise. Chikabisa maso n'kusiya pakamwa, mkwiyo ndi mantha mudzazionetsa ndi milomo ndi nsagwada. Chikabisa pakamwa n'kusiya maso, zikope zidzagwira ntchitoyo. Chikabisa nkhope yonse, zonse zatsala m'mapewa, m'manja ndi mmene wapendekera mutu, ndipo zimenezi zimafuna wojambula wozolowera. Kwa woyamba kumene, kusiya maso poyera n'kosavuta. Mukamaliza, detsani chithunzi chake chonse ndi inki kuti chitsale chithunzithunzi chokha. Ngati simungamusiyanitse ndi zigawenga zija, sinthani mutu kapena mapewa a chovalacho.

Ambiri amathamangira ku zigoba za Gule Wamkulu poganiza kuti ndiye zathu. Dekhani. Zilombo zimenezi zili ndi eni ake, chilichonse chili ndi tanthauzo lake ndi nthawi yake yotulukira, ndipo kuveka munthu womenya anthu usiku nkhope ya kudambwe kudzapweteka anthu amene mumafuna kuti awerenge. Pekani chanu. Kadzidzi, mwachitsanzo, ali kale ndi mbiri yoopsa m'mitima ya anthu akalira padenga usiku, ndipo maso ake awiri ozungulira ndi osavuta kujambula.

Pomaliza pa gawoli, jambulani munthu wanu papepala limodzi kuchokera kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, atavala chigoba ndiponso atavula. Wamkulu msinkhu wake ndi mitu yake isanu ndi iwiri ndi theka, mnyamata wa zaka 16 pafupifupi isanu ndi iwiri. Pepalali likhomeni pakhoma pamene mumagwirira ntchito.

Chachinayi, kugawa masamba

Kabuku kobaya ndi sitepula pakati kamapangidwa ndi mapepala opindidwa pawiri, ndipo pepala lililonse limapereka masamba anayi. N'chifukwa chake chiwerengero chiyenera kugawika ndi 4: masamba 16, 20, 24 kapena 28. Masamba 24 a kukula kwa A5 ndi mapepala 6 a A4 osindikizidwa mbali zonse. Tsamba 1 ndi chikuto, 2 ndi la mayina a opanga, nkhani iyambe pa 3 n'kuthera pa 22, ndipo 23 ndi 24 ndi akumapeto. Masamba 20 a nkhaniwa ndi ofanana ndi a makomiki ambiri a ku America otuluka mwezi ndi mwezi, amene amakhala ndi 20 kapena 22.

Pali chinthu chimene wolemba komiki ali nacho chimene wolemba nthano alibe: dzanja la wowerenga lotembenuza tsamba. Masamba a nambala 3, 5, 7 ndi ena otero amakhala kumanja, a 4, 6, 8 kumanzere. Munthu akatsegula, diso lake limaona masamba awiri nthawi imodzi, ndiye chodabwitsa chimene mwachiika kumanja wachiona kale asanawerenge kumanzere. Chinsinsi chilichonse chiululike pa tsamba lakumanzere, ndipo bokosi (chithunzi chimodzi chotchingidwa ndi mizere) lomaliza la tsamba lakumanja likhale lomukoka kuti atembenuze. Pa tsamba 15, dzanja la ngwazi lagwira nsalu yophimba nkhope ya mnyamata amene wagwa. Pa tsamba 16, nkhope ya mng'ono wake.

Kagawidwe kamene kamayenda bwino ndi aka. Masamba 3 mpaka 5 aonetse nkhanza za gulu kudzera mwa munthu mmodzi wolandidwa, wovala chigoba n'kuonekera pa 6. Kuyambira 7 mpaka 10 tikhale naye masana, kugalaja ndi kunyumba, tione mayi ake akufunsa kumene mng'ono wake wagona. Nkhondo yaikulu igwe pa 11 mpaka 15. Masamba 12 ndi 13 ndiwo apakati penipeni, okhawo amene ali papepala limodzi moyandikana, choncho ngati mukufuna chithunzi chimodzi chachikulu chodutsa masamba awiri, malo ake ndi amenewa. Kwina kulikonse mbali ziwirizo sizidzakumana bwino pakati. Kuyambira 16 mpaka 20 ndi khamu ndi chisankho chake, ndipo 21 ndi 22 aonetse m'mawa mwake: ndani wamangidwa, ndani akadali mfulu, ndani wayamba kumukayikira.

Chachisanu, mawu

Lembani nkhani yonse tsamba ndi tsamba, bokosi ndi bokosi. Pa bokosi lililonse lembani chimene chikuoneka, kenako mawu olankhulidwa. Bokosi limodzi linyamule chochitika chimodzi. "Akulumpha mpanda n'kumenya mlonda" ndi mabokosi awiri, mwina atatu.

Pa tsamba la A5 ikani mabokosi anayi kapena asanu, asanu ndi limodzi pokhapokha anthu akungocheza. Mawu a Chichewa ndi aatali. Liwu limodzi ngati "sindidzakukhululukirani" limadya malo a mawu anayi. Choncho chibaluni chimodzi, kabwalo kolembamo zimene munthu akulankhula, chisapose mawu 12, bokosi lisapose zibaluni ziwiri, ndipo tsamba lonse likhale ndi mawu osapitirira 70. Musadule liwu pakati kuti likwane, sinthani chiganizo.

Anthu alankhule monga amalankhulira. Mng'ono sangatchule mkulu wake dzina, amati "achimwene". Wakabaza polankhula ndi kapitawo amene akumuopa amati "bwana" kapena "akulu", ndipo mayi amati "mwanawe" akakwiya. Izi zikhoza kukhala chida m'nkhani: mnyamata wagwa pansi, wamva liwu la wovala chigoba, n'kungoti, "Achimwene?" Liwu limodzilo lakwana bokosi lonse. Wovala chigoba asamalalikire pomenyana. Munthu amene akupuma mwawefuwefu salankhula ziganizo zitatu. Za phokoso, chinenero chathu n'cholemera kale: phi, khu, gwa, thi, psiti, kwapu. Lembani zimenezi ndi zilembo zazikulu zojambula pamanja m'malo mobwereka za kwina.

Chachisanu ndi chimodzi, tizithunzi toyeserera ndi nkhondo

Pindani mapepala 6 wamba, mupange kabuku kongoyeserera, mulembe manambala 1 mpaka 24. M'menemo jambulani tsamba lililonse mwachangu ndi timitengo ndi timizere, mphindi zisanu pa tsamba, pamodzi ndi malo a zibaluni. Perekani kwa munthu amene sakuidziwa nkhaniyo, awerenge inu muli chete. Pamene waima n'kubwerera m'mbuyo, pamenepo pali vuto, ndipo kulikonza pano n'kotchipa kuposa mutathira inki.

Nkhondo imasokonekera wowerenga akasowa kudziwa amene ali kuti. Yambani ndi bokosi lalikulu loonetsa malo onse: kanjira, mpanda wa malata, ngalande, babu limodzi la pagolosale, ndi pamene aliyense waima. Ngati ngwazi ili kumanzere ndipo adani ali kumanja, zikhale choncho mpaka nkhondo ithe; mukawatembenuza popanda kuonetsa kuti azungulirana, wowerenga amaganiza kuti pabwera munthu wina. Diso limayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndiye woyamba kulankhula ndi woyamba kuponya chibakera akhale kumanzere kwa bokosi. Mabokosi ang'onoang'ono ambiri amafulumizitsa nthawi, lalikulu limodzi limaiimitsa.

Za magazi, dziwani kuti mpata woyera wa pakati pa mabokosi umagwira ntchito kuposa chithunzi. Bokosi loyamba, chikwanje chakwera m'mwamba. Lachiwiri, nkhope ya mayi amene akusuzumira pawindo, dzanja lili pakamwa. Lachitatu, patapata imodzi m'ngalande. Wowerenga wadzionera yekha chimene chachitika, ndipo chamupweteka kwambiri kuposa mukanajambula bala. Ku America, mu 1954, osindikiza anakhazikitsa Comics Code Authority imene inaletsa kuonetsa nkhanza zonyanya ndi kuchititsa upandu kuoneka wokoma, ndipo ojambula anakakamizika kuphunzira njira zoterezi. Inu palibe akukukakamizani, koma kabuku kanu kadzafika m'manja mwa ana a sukulu. Onetsani zotsatira zake: dzanja lotupa limene likulephera kugwira sipanala m'mawa, njinga yoima chifukwa mwini wake ali m'chipatala, ana ake atabwezedwa kusukulu. Musaonetse mwatsatanetsatane mmene amathyolera loko kapena kulizira njinga popanda kiyi.

Chachisanu ndi chiwiri, pensulo ndi inki

Jambulani pa pepala lalikulu kuposa limene mudzasindikize, chifukwa kuchepetsa kumabisa kunjenjemera kwa dzanja. Akatswiri a ku America amajambula pa pepala lolimba la mainchesi 11 kwa 17. Kwa kabuku ka A5, jambulani pa A4 ndipo mudzachepetse kufika pa 71 peresenti. Pepala likhale lochindikala, la 160 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) kapena kuposa. La fotokope wamba la 80 gsm limamwa inki n'kukwinyika. Siyani malire a masentimita 1.5 mbali zonse, popeza makina a fotokope safika m'mphepete, ndipo pakati pa mabokosi siyani mamilimita 5.

Gwiritsani pensulo ya HB kapena 2H mopepuka. Yambani ndi mawu: lembani mizere ndi lula, zilembo zazikulu zotalika mamilimita 3.5 kapena 4, zungulizani chibaluni, kenako jambulani anthu m'malo otsalawo. Amene amayamba ndi chithunzi amadzapeza kuti chibaluni chaphimba nkhope. Zilembo zochepera apa zikachepetsedwa siziwerengeka.

Pothira inki, cholembera cha nsonga ya mamilimita 0.5 ndi cha anthu, 0.3 cha nkhope ndi zakumbuyo, 0.8 cha malire a mabokosi. Cha 0.1 chisiyeni, mzere wake umaduka pa fotokope. Malo aakulu akuda detsani ndi burashi ndi inki yosasungunuka m'madzi. Nkhani ya usiku imakopa munthu kuti apake mthunzi ndi pensulo, koma makina a fotokope sadziwa mtundu wotuwa: amausandutsa matope kapena kuuchotsa. Sankhani kumene kuwala kukuchokera m'bokosi lililonse, mbali yakumeneko ikhale yoyera, inayo yakuda bii, ndipo pakati pake ikani timizere totalikirana. Munthu wovala zakuda akaima pamdima, siyani kamzere koyera kozungulira mapewa ndi mutu kuti asamire. Dikirani mphindi 30 inki iume musanafute pensulo ndi labala. Wothamanga apa amapaka tsamba lonse.

Chomaliza, kusindikiza

Sikanani tsamba lililonse pa 600 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi umene mumasankha pa sikana). Ngati mulibe sikana, jambulani ndi foni masana pamthunzi, foni itayang'ana pepala molunjika, osati mopendekera. Pa kompyuta, mapulogalamu aulere a Krita kapena GIMP akuthandizani kuyeretsa: kwezani kusiyana kwa kuda ndi kuyera mpaka pepala liyere mbee ndi inki ide bii. Pa foni, ibisPaint imagwira ntchito yomweyo.

Masamba sasindikizidwa motsatana. Pa kabuku ka masamba 24, manambala a masamba awiri okhala mbali imodzi ya pepala akaphatikizidwa amakwana 25. Pepala loyamba kunja kwake kuli 24 kumanzere ndi 1 kumanja, mkati mwake 2 kumanzere ndi 23 kumanja. Lachiwiri lili ndi 22 ndi 3, kuseri 4 ndi 21. Pitirizani choncho mpaka lachisanu ndi chimodzi, limene mkati mwake muli 12 ndi 13. Njira yosalakwitsa ndi kumasula kabuku koyeserera kaja n'kuona manambala mmene agonera papepala lililonse.

Sindikizani kope limodzi lokha kaye. Lipindeni, muliwerenge kuyambira pachikuto, muone ngati tsamba lina silinazondoke ndiponso ngati wakuda watuluka wakuda. Akatuluka wotuwa ndi mizere, tona ya makinawo yatsala pang'ono kutha, ndipo ndi bwino kupita kwina kusiyana ndi kuononga makope 50. Ngati inki ya kuseri ikuonekera, pemphani pepala la 100 gsm. Chikuto chikhale cha 160 gsm. Bayani sitepula ziwiri pamsana, masentimita 5 kuchokera kumwamba ndi 5 kuchokera pansi. Sitepula wamba safika pakati pa A4, ndiye mutambasuleni, ikani kabuku chafufumimba pa labala kapena katoni, bayani, n'kupinda timiyendo ta waya ndi lula. Mukapinda mudzaona kuti masamba apakati atulukira pang'ono kutsogolo. Dulani m'mphepetemo ndi mpeni wakuthwa ndi lula yachitsulo.

Pa tsamba 2 lembani dzina la wolemba, la wojambula ndi chaka. Ngati mwagwira awiri, gwirizanani polemba za umwini wa nkhani ndi wa anthu a m'nkhanimo kope loyamba lisanagulitsidwe, ndipo za kuteteza ntchito yanu funsani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za alembi ndi aluso m'Malawi. Potumiza pa WhatsApp, phatikizani masamba onse mu PDF imodzi motsatana kuyambira 1 mpaka 24, muitumize ngati dokyumenti. Mukatumiza ngati zithunzi, pulogalamuyo imazifinya, ndipo mawu a m'zibaluni amafufutika.